Maenvulopu Makumi Awiri ndi Atatu m'Thumba la a Thole

KOMITI YA NYALI YA KU CHIBAVI: MSONKHANO WACHINAYI

Tsiku: Loweruka, 15 Meyi 1993
Malo: Chisakasa chopalira matabwa cha a Nyirongo, Chibavi, Mzuzu

Amene analipo:
Bambo Frackson Nyirongo, Wapampando
Mayi Lettie Chiumia, Msungichuma
Winifred Luhanga, Mlembi
Bambo Amos Thole, membala
Mayi Keziya Mwandira, membala

Amene anapepesa: Bambo Jasper Kayira, ali ku chipatala ndi mwana.

1. KUTSEGULA

Msonkhano unayenera kuyamba 2 koloko masana koma unayamba 2:40, chifukwa Wapampando anali kumalizitsa chitseko cha munthu amene anabwera ndi wilibala kudzachitenga. Mayi Mwandira anapemphera. Wapampando anakumbutsa mamembala kuti kwatsala masiku makumi atatu kuti pa 14 Juni anthu akavote, kusankha tambala wakuda wa chipani chimodzi kapena nyali ya zipani zambiri. Anati funso la lero ndi limodzi: K230 imene yatsala pa zopereka za anthu ipite ku makalata ena, kapena ku ntchito ina?

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

Mlembi anawerenga. Msungichuma anati sakukumbuka kuti komiti inalola makalata oyamba kutumizidwa mndandanda wa mayina usanaonedwe ndi onse. Mlembi anayankha kuti akanadikira Loweruka lina, sabata yathunthu ikanapita pachabe. Zinavomerezedwa popanda kusintha.

3. LIPOTI LA MAKALATA OYAMBA

Mlembi anafotokoza kuti pa 3 Meyi anatumiza makalata 120 pa positi. Anawalemba yekha, mbali ina m'Chichewa, mbali ina m'Chitumbuka, n'kuwapukusa pa makina a stensulo. Kalatayo ikunena kuti voti ndi yachinsinsi, kuti kuvotera nyali si mlandu, ndipo pansi pake anajambulapo nyaliyo kuti osadziwa kuwerenga aizindikire. Mapepala, maenvulopu ndi masitampa zinadya K64.

Anati mayankho abwera khumi ndi limodzi. Anawerenga la mayi wina wa ku Euthini, lonena kuti kalata inawerengedwa panja pa tchalitchi atatha mapemphero, kenaka inabwerezedwa kawiri chifukwa akumbuyo sanamve. Mkulu wa mpingo anaipinda n'kuiika m'buku la nyimbo, ati Chitumbuka chotayipa anali asanachionepo kwina kupatula m'mabuku a tchalitchi. Mlembi anati msonkhano wa pabwalo umatha dzuwa likapendeka, pamene kalata munthu amapita nayo kunyumba n'kuiwerenga atatseka chitseko, popanda womuyang'ana. Anapempha kuti ndalama yonse yotsala ipite ku makalata ena 400.

Msungichuma anatsutsa. Anati ndalamayi anasonkha amayi a pamsika, wina 50 tambala, wina kwacha, ndipo akamufunsa kuti yagwira ntchito yanji sangawauze kuti yanyambitidwa n'kumatidwa pa envulopu. Anati khumi ndi mmodzi ayankha, nanga 109 ali kuti? Lachinayi iye anagula mtedza ku msika wa Chibavi wokulungidwa m'kalata ya komiti. Mlembi anafunsa ngati Msungichuma anawerenga chokulungiracho. Msungichuma anavomera. Mlembi anati ndiye kuti kalatayo yawerengedwa ndi anthu awiri pa sitampa imodzi. Wapampando anati zimenezi zisalembedwe. Zalembedwa chifukwa ndi mfundo.

Msungichuma anapereka ganizo lakuti ndalama ibwereke galimoto yonyamula okalamba ndi amayi oyembekezera tsiku la voti. Anati kalata sinyamula munthu wa nyamakazi.

4. NKHANI YA A THOLE

A Thole, amene ndi mesenjala pa kampani ina yocheka matabwa cha ku Kaning'ina, anali asanalankhulepo. Apa anapempha mpata. Anakumbutsa komiti kuti munthu wa pantchito alibe bokosi lakelake ku positi ofesi: makalata ake amadzera m'thumba la kampani. Thumbalo amakalitenga iwo m'mawa uliwonse lili lokhoma, ndipo amene amalitsegula ndi manijala, patebulo pake.

Pa 6 Meyi m'thumbamo munatuluka maenvulopu a kaki makumi awiri ndi atatu, ofanana ndendende, otayipa pa makina amodzi, aliyonse ndi dzina la wantchito. Manijala anang'amba imodzi n'kuwerenga, kenaka anatsekera onse mu dilowa. Anati mayina athunthu otere sangawadziwe munthu wakunja, ndipo a Thole aonedwa akulowa m'chisakasa chino Loweruka lililonse. Anawapatsa mpaka Lachitatu, 19 Meyi, kuti atchule amene anapereka mayina, apo ayi abweze yunifomu ndi njinga. A Thole agwira ntchito pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndipo ali ndi ana awiri ku sekondale.

Iwo anati: "Ine sindinapereke dzina la munthu, adada Wapampando. Koma ndikatsegula pakamwa ndakugulitsani nonse. Ndikatseka, Lachitatu ndibwerera kunyumba wapansi."

Wapampando anafunsa Mlembi kumene anatenga mayinawo. Mlembi anati anawakopera m'buku la chipepeso la maliro a amalume ake, amene anali dalaivala pa kampaniyo ndipo anamwalira mu Febuluwale. Anzawo a pantchito analembetsa mayina awo onse pa tsamba limodzi, pamwamba n'kulemba keyala ya thumba la kampani.

Kenaka Mayi Mwandira anauza Mlembi kuti: "Nyaluhanga, buku la maliro? Anthu aja anabwera kudzalira nanu, sanabwere kudzalembetsa ndale."

Mlembi anavomera kuti sanapemphe chilolezo kwa mayi wamasiye, amene ndiye mwini bukulo. Anati anawerengera mtengo wa kalata imodzi mpaka tambala yomaliza, koma sanadzifunse kuti kalatayo idutsa m'manja mwa yani isanafike kwa mwini wake. Anapempha kuti zilembedwe kuti kulakwaku ndi kwa Mlembi, osati kwa komiti kapena a Thole. Anapemphanso kuti zilembedwe kuti cholakwika chinali keyala, osati kalata, popeza manijala mwiniyo anaiwerenga mpaka pansi.

Pa za chochita, Mlembi anati adzapita yekha kwa manijala ndi bukulo n'kumutsegulira tsambalo. Lidzaonetsa kuti a Thole sanapereke dzina, komanso kuti anthu makumi awiri ndi atatu aja sanapemphe kalata kwa aliyense. Sadzatchula komiti, adzati analemba ndi iye, anatumiza ndi iye, zimene zili zoona.

Msungichuma anakumbutsa komiti kuti Lachiwiri 9 koloko Mlembi ali ndi intavyu pa kampani yomweyo, ya ntchito ya mu ofesi ya zachuma, ndipo ndi koyamba kuitanidwa chimalizireni ku yunivesite miyezi khumi ndi inayi yapitayo. Mlembi anati ndiye ubwino wake: manijala wapatula kale nthawi yoti aonane naye, sipadzafunika kudikira pa benchi.

Wapampando anati ntchitoyo itayika. A Thole anakana ganizo la Mlembi. Anati amayi ake a Mlembi anagulitsa nthochi pa depoti zaka zambiri chifukwa cha digiri imeneyo, ndipo iwo sangalole kuti ipite pachabe chifukwa cha iwo. Anati ndi okalamba, akhoza kukalima chinangwa kwawo ku Chintheche. Msungichuma anafunsa ngati chinangwacho chidzalipire fizi ya ana awiri teremu ino.

Mlembi anati: "Adada Thole, ntchito imene sindinaiyambe singayerekezedwe ndi ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndipo ine ndikukhulupirira nyali ipambana. Ikapambana, dziko lino lidzafuna anthu odziwa masamu, ine ndidzakhala ndilipo."

Wapampando anati komiti silingatume Mlembi ndipo silingamuletse. Anangoti yewo chomene, n'kupempha kuti tipite pa mfundo yotsatira.

5. CHIGAMULO PA NDALAMA YOTSALA

Atakambirana, komiti inagwirizana izi:

(a) Kalata ina iliyonse isapite pa keyala ya pantchito. Onse anavomera.

(b) Makalata apitirire, chifukwa kumidzi aonetsa kuti akugwira ntchito. Membala aliyense abweretse mayina a abale ake a kumudzi, ndipo alembe yekha pa envulopu ndi dzanja lake, kuti ioneke monga kalata ya mwana wa m'tauni. Mayi Mwandira anati munthu aikemonso kapepala ka moni, pakuti kalata yopanda kufunsa za matenda a pamudzi amaiona ngati ya boma. A muno m'Chibavi ndi ku Ching'ambo apatsidwe pamanja, sitampa sikufunika. Ntchitoyi ipatsidwe K90. Onse anavomera.

(c) K140 isungidwire galimoto ya tsiku la voti. Anayi anavomera. Mlembi anakana, ponena kuti m'Mzuzu anthu anatembenuka kale ndipo okalamba awo adzawabereka ngakhale kumsana, pamene kumudzi kudakali mantha. Msungichuma anati Mlembi akadzabereka mmodzi kuchokera ku Ching'ambo mpaka pamalo ovotera, adzabwere adzabwereze mawuwo. Mlembi anagonja pa voti, koma maganizo ake ndi omwewo.

6. ZINA NDI ZINA

Mayi Mwandira anati bukulo lisatuluke m'nyumba ya maliro kachiwiri mwakachetechete. Mlembi apite kwa mayi wamasiye mawa akaweruka ku tchalitchi, akagwade, afotokoze zonse, ndipo alibwereke moyenera. Iwo adzamuperekeza, ati chifukwa a ku yunivesite amapepesa ataimirira. Mlembi anavomera.

A Thole anapempha kuti zilembedwe kuti kalata ya Mlembi yofunsira ntchito anailandira iwo pa geti mu Epulo, ndipo anaiika pamwamba pa mulu wa patebulo la manijala masiku atatu otsatizana, kufikira inawerengedwa. Mlembi sankadziwa zimenezi. A Thole anati Lachiwiri akadzachoka ku positi ofesi ndi thumba adzaima pa msika wa Chibavi 8 koloko, Mlembi adzakwere pa kaliyala ndi buku lake, kuti asakafike ndi fumbi m'nsapato. Wapampando anafunsa ngati n'kwanzeru kunyamula Mlembi pa njinga ya kampani. A Thole anati njingayo ikadali yawo mpaka Lachitatu.

7. KUTSEKA

Msonkhano wotsatira: Loweruka, 22 Meyi, malo omwewo, 2 koloko yeniyeni. Mfundo yoyamba idzakhala lipoti la a Thole. Msungichuma anatseka ndi pemphero nthawi ili 4:55 madzulo.

F. Nyirongo, Wapampando ..............................

W. Luhanga, Mlembi ..............................