Apongozi Akunditchula Anesi

Lolemba, 4 Meyi

Apongozi afika. Chikwama chimodzi, jumbo ya mankhwala, ndodo. Alamu, mlongo wa bambo a ana, awatsitsira pageti, galimoto osazimitsa n'komwe. Akuti kwawo masitepe ngambiri, ndiye ntchito, ndiye ana. "Inu mumakhala pakhomo, alamu." Ngati makina osokera amadzipalasa okha.

Chipinda changa chosokeramo chapita. Makina ndawakokera pabalaza, pafupi ndi zenera. Nsalu za makasitomala m'makatoni, pansi pa tebulo. Bambo a ana akuti n'zakanthawi. Ponena sanandiyang'ane.

Atha thupi. Mayi uja ankati akaima pakhomo kuwala osalowa, lero mkono ngati kamtengo. Anandiyang'anitsitsa, kenako: "Zikomo, anesi." Dokotala akuti ndi matenda oiwala, sabwerera m'mbuyo. Mwana wawo amamuzindikira masiku ena. Ine ayi.

Ndawayalira bulangete lakale lija, labwino lili m'kabati. Ndinachita kusankha. Ndalemba kuti ndisadzadzinamize.

Lachinayi, 7 Meyi

Kuwasambitsa, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala. Tiyi amafuna wa shuga wambiri. Madiresi a ukwati atatu akundidikira, sindinadule ngakhale limodzi. Matewera a akuluakulu akweranso mtengo.

Powapukuta msana m'mawa, zonse zinabwera.

Mwana wanga woyamba, wamwamuna. Anabadwa osalira. Ine chigonere m'wodi, amayi ena pambali akuyamwitsa. Apongozi analowa, anaima kumiyendo kwa bedi, nalankhula mokweza kuti onse amve: "Wamupha ndi makina akewo. Ndinanena ine kuti aleke kupalasa."

Nditatuluka m'chipatala ndinapeza sutikesi ya mwana palibe. Timalaya tonse ndinasoka ndekha ku zidutswa, kachipewa kachikasu ndinaluka miyezi iwiri. Anazitenga, anakapatsa alamu, amene anabereka mwezi womwewo. Kachipewako ndinakaona kutchalitchi, pamutu pa mwana wa wina, benchi ya kutsogolo kwanga. Mapemphero onse maso ali pa kachipewa.

Zaka zapitirira makumi awiri. Atsikana awiri anabwera pambuyo, akula, apita kusukulu zawo. Mawu oti pepa sindinawamvepo. Bambo a ana nthawi zonse: "Ndi mayi, ingowasiya."

Ndinawasiyadi. Pamaliro moni, paukwati moni. Ndinkayesa ndiko kukhululuka.

Lamulungu, 10 Meyi

Kutchalitchi ndekha, bambo a ana atsala ndi mayi awo. Tsiku la Mgonero.

Pa pemphero la Ambuye, titafika poti atikhululukire monga ife tikhululukira anzathu, pakamwa panga panangotsekeka. Ndazindikira lero kuti si koyamba. Ndakhala ndikudumpha pamenepo zaka zonsezi, monga munthu amadumphira chithaphwi cha panjira ya tsiku ndi tsiku, osayang'ananso pansi.

Mkate ndinalandira.

Potuluka amayi busa anandigwira dzanja: "Mulungu wakupatsani mwayi wotumikira." Ndinamwetulira. Mumtima: mwayiwo bwerani mudzautengeko Lachiwiri ndi Lachinayi.

Lachitatu, 13 Meyi

Anesi akondedwa. Akandiona nkhope imawala. Andisungira theka la buledi pansi pa pilo. Dzulo anandisisita tsaya, akuti ndili ndi manja ofewa, amene anandikwatira anachita mwayi.

Lero ndikuwapesa pakhonde, anayamba kundiuza zakukhosi. Za mkazi wa mwana wawo. "Wouma mutu ameneyo, anesi. Wonyada. Moni wake ngati akukuponyera fupa. Anasoka mpaka mwana kufa."

Chipeso chinali m'tsitsi. Ndinakoka. Analira ngati kamwana, "Mayo!" Kenako iwo ndi amene anapepesa, akuti tsitsi lawo ndi lovuta.

Pepa woyamba kuchoka pakamwa pawo kubwera kwa ine. Wa tsitsi.

Aiwala dzina la malemu amuna awo. Aiwala ntchito ya supuni. Koma ichi chokha ayi. Ndiye tili awiri m'nyumba muno osunga chinthu chimodzi, wina mbali iyi, wina mbali iyo.

Loweruka, 16 Meyi

Ndinawauza bambo a ana zimene mayi awo ananena. Anali pansi akukonza waya wa ayironi. Ndinati mwina lero anena china, osati "ingowasiya".

Ananenadi china. Sutikesi ija ananyamula ndi iwo. Mayi awo anawauza kuti ndikapeza zovalazo ndidzapenga, ndi bwino zichoke ndisanabwere. Iwo anaikweza panjinga, anakaitula kwa mlongo wawo. "Ndinkayesa ndikukuthandiza. Nditaona mmene unalirira, ndinachita mantha kunena."

Zaka zonsezi. Bedi limodzi, mbale imodzi, kugwada pamodzi.

Sindinakuwe. Ndinapita pamakina, ndinasoka mpendero wa diresi mpaka singano kuthyoka. Chakudya ndawaikira patebulo, ine ndadyera kukhitchini, choimirira.

Lachiwiri, 19 Meyi

Ndilembe mmene zinachitikira, osakometsa.

M'mawa, nditawamwetsa tiyi. Ndili pamakina, pazenera. Mnyamata wa magetsi anasiya geti losatseka. Ndinawaona akutsika pakhonde, ndodo m'manja, pang'onopang'ono. Ndinawaona akukankha geti. Phazi langa lili pa chopalasira. Ndinati ndimalize msoko uwu kaye.

Si kuti ndinafuna afe. Kapena sindikudziwa chimene ndinafuna. Ndinangoti kamodzi kokha nawonso adikire.

Nditatuluka, msewu mbee.

Ndinathamanga opanda nsapato. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene timamutcha Wailesi chifukwa satseka pakamwa, anasiya zochapa n'kunditsatira. Kugolosale sanawaone. Ometa tsitsi akuti anadutsa gogo wina kulowera kumsewu waukulu. Msewu wa malole. Ndinapemphera mokweza pakati pa anthu, mawu osalongosoka: Ambuye musandilange chonchi, musandilange chonchi.

Wailesi anafunsa aliyense, ogulitsa nthochi, a njinga, wapolisi wa pamphambano. Pakamwa pake lero patipulumutsa.

Tinawapeza dzuwa lili paliwombo, tsidya lina la msewu, atakhala pamwala pageti la sukulu ya pulayimale. Silipasi imodzi. Phazi linalo lang'ambika, magazi ataumirana ndi fumbi. Mmene anawolokera, adziwa ndi Mulungu. Akuti akudikira mwana wawo, aweruka posachedwa, amaopa agalu a panjira. Mwana wake uti? Bambo wa imvi amene ali kuntchito.

Atandiona: "Anesi, mwabwera! Ndinadziwa simungandisiye."

Ndawatsuka phazi m'beseni, ndathira mankhwala, ndamanga. Bambo a ana ndawauza zonse, ndi za msoko zomwe. Atuluka kukagula loko wa geti.

Lachinayi, 21 Meyi

Phazi latupa pang'ono. Kuchipatala atipatsa mapiritsi, akuti lipola.

Wailesi anabwera ndi mazira. Ndinamuuza nkhani ya kachipewa, koyamba kuuza munthu wapadera. Anamvetsera, chinthu chachilendo kwa iye. Pomaliza: "Achemwali, ndiye mukusungira mlandu munthu amene sakudziwa kuti lero n'lachingati? Mudzauzenga ndi ndani?"

Ndinaseka, koma zandikhala.

Masana mwana wanga wamkulu anaimba foni. Bambo ake amuuza za geti. Sanandidzudzule. Anangoti iye ndi mng'ono wake anakula akudziwa kuti mawu oti agogo satchulidwa amayi ali pafupi. Akamachokera kutchuthi kwa agogo, ankabisa maswiti amene awapatsa, kuopa nkhope yanga. "Sitinkadziwa chimene analakwa, amayi. Tinkangodziwa kuti tikawakonda tikulakwirani inu."

Ine ndinkayesa ndasenza ndekha. Kani ana anagwirako.

Lamulungu, 24 Meyi

Sindinapite kutchalitchi. Ndinawauza bambo a ana apite iwo. Apongozi ali m'tulo pampando, ine pansi, msana kukhoma.

Ndaganiza zambiri. Ndakhala ndikudikira tsiku loti adzagwade, adzanene kuti ndinalakwa, ine n'kuwadzutsa mwaulemu, anthu akuona. Ndinalikonza tsikulo m'mutu kambirimbiri, ndi diresi lomwe ndidzavale. Silibwera. Mayi amene anaima kumiyendo kwa bedi uja kulibenso. Watsala uyu, wobisa buledi pansi pa pilo.

Yesu pamtanda anapempherera anthu amene sanapepese. Ena anali akuseka, ena ali kalikiliki kugawana zovala zake. Zovala! Sindinaziganizepo chonchi. Sanadikire kuti amalize kaye, azindikire, abwere.

Koma Iye ndi Iye. Ine ndine telala.

Ndinamuuza choncho. Ndinati Ambuye, mtima wofuna kukhululuka ndilibe, koma ndatopa. Lachiwiri lija ndinaona kumene chinthuchi chikunditengera. Ngati mungathe kuyamba ndi kutopaku, yambani.

Palibe chimene ndinamva. Apongozi anadzuka, anafuna kuchimbudzi.

Lachisanu, 29 Meyi

Madiresi a ukwati atuluka, mwini wake wakondwa. Mpweya pang'ono.

Sabata yonse ine ndi bambo a ana mawu ake a mchere uli kuti, makiyi ali apo. Dzulo madzulo anabwera kukhala pa katoni pafupi ndi makina. Anati, "Ndinakulakwira. Osati sutikesi yokha. Mayi atanena zija m'wodi ndinali pakhomo, ndinamva, sindinatsegule pakamwa."

Ndinawafunsa chimene sindinafunsepo munthu. Ine mwanayo kuchipatala sanandionetse, anati ndisamuone. Iwo anamuona. Ndinati anali wotani.

Akuti anali ndi tsitsi lambiri, lakuda bii. Zala zazitali. Mphuno yanga. Anamunyamula m'kansalu koyera, sankalemera n'komwe. Akuti tsiku lililonse la kubadwa kwake amawerenga zaka, amadziwa kuti chaka chino akanakhala wamkulu bwanji. Sankanena poopa kundidzutsira chilonda.

Munthu ndakhala naye zaka zonsezi, osadziwa kuti nayenso amalira maliro omwewo, chipinda chomwecho, atatembenukira kukhoma.

Tinalira. Mayi awo anatulukira, anatipeza choncho, anatikalipira kuti anesi ndi abambo awa mukuchita chiyani pamaso pa odwala. Tinaseka misozi ili m'masaya.

Bambo a ana ndawakhululukira. Zinali zosavuta kuposa mmene ndinkaganizira, mwina chifukwa anapempha.

Lachiwiri, 2 Juni

Alamu anaimba. Akuti amva za geti, mwina tipeze mtsikana wowasamalira, kapena awatenge mwezi umodzi. Mawu aulemu, amanyazi. Ndinati mwezi wa mawa adzawatenge Loweruka ndi Lamulungu, ndipumeko. Za kachipewa sindinatchule. Mwina iwo sanadziwe n'komwe kuti kanachokera kuti. Sindinawafunsepo. Tsiku lina.

Ndawasokera apongozi madiresi awiri otsegula kutsogolo, mabatani akuluakulu, osavuta povula. Nsalu yotsala ya ukwati uja, yabuluu. Adziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, akuti akupita kukaonekera kwa amuna.

Sikuti zatha. Dzulo anayambanso za mkazi wa mwana wawo, ndipo chinthu chija chinadzukanso. Ndinaika chipeso pansi, ndinatuluka, ndinazungulira nyumba, ndinabwerera. Ndikuona kuti nkhaniyi ili ngati kusesa. Usesa lero, mawa fumbi lilipo, usesanso.

Loweruka, 6 Juni

M'mawa, kubafa. Ali pa kampando, ine ndagwada, ndikutsuka phazi lija. Lapola, latsala chipsera.

Ndinamva kuti akundiyang'ana mwa mtundu wina. Nditadzutsa mutu, maso aja. Akale, akuthwa, a m'wodi.

"Iwe si nesi. Ndiwe uja wa makina."

Ndinati ndine, Mayi.

Anayang'ana beseni, sopo, manja anga pa phazi lawo. Ndinati mwina ndi pano. Mwina Mulungu wawabweza kamphindi kuti anene.

"Ukadasokabe?"

Ndinati eya.

"Wouma mutu."

Basi. Ndipo ine, m'malo mopsa mtima, chiseko. Chochokera pansi pamimba, mpaka kukhala pansi ponyowa. Ndiwo amenewa, sadzasintha, ndipo sindikuwadikiranso. Ndinagwira phazi lawo ndi manja awiri, ndinanena: Mayi, zija munanena, ndi zovala zija, ndakukhululukirani. Inunso mundikhululukire za geti.

Sindikudziwa ngati zinafika. Maso anali atabwerera kale kumene amakhala masiku ano. Anandisisita pamutu ndi dzanja lonyowa.

"Madziwa azizira."

Ndinapita kukatenga otentha.