Tsiku la Chiliza Ndinali pa Kavalo Wapulasitiki

South C, Nairobi
15 Ogasiti 2004

Okondedwa Magadalena mng'ono wanga,

Mwandichita chipongwe, iwe ndi mwana wanga Chancellor. Sindikufunsa ngati uli bwino. Ndikudziwa kuti uli bwino, pakuti munthu wodwala sangaime pamoto tsiku lonse kuphikira anthu obwera ku chiliza. Dzulo inu mumavundukula chiliza cha amuna anga a Vitus, ine mkazi wawo wa mphete ndili kuno, atandikweza pa kavalo wapulasitiki ngati mwana woyamwa, nyimbo zikulira. Kalatayi ndalemba ndekha, usadabwe ndi zilembo zokhotazi. Sindinafune wina wa m'nyumba muno andigwirire cholembera, angachotsemo mawu ena.

Ukukumbuka mmene ndinachokera kwa Kamwendo. Chancellor anati amayi bwerani ku Nairobi adokotala adzakuoneni za BP, mudzapumeko, za chiliza cha bambo tidzachita mu Okutobala tonse tili pamodzi. Iwe unandiperekeza pa siteji, chikwama changa chili pamutu pako, ukuti pitani achemwali, nkhuku ndikuonerani. Ndiuze, pamenepo tsiku lake unali ukulidziwa kale?

Kuno ndangokhala ngati katundu. Kukuzizira kuposa Juni wa kwathu, nyumba ili mu mpanda, pageti pali mlonda amene sitimvana chilankhulo. Chancellor ndi mkazi wake Deliwe amalawirira ku ntchito, ana kusukulu. Lachinayi ndinapempha kuti andiimbire foni ya ku sitolo ya a Reinford akuitane ndikulankhule, anandiuza kuti mizere ya ku Malawi yafa. Ndinakhulupirira. Nanga ine ndidziwa bwanji za mizere?

Lachisanu Deliwe anati, "Amayi, mawa tikukutulutsani, mwakhalitsa m'nyumba. Tikupita kumalo osewerera ana."

Ndinati, "Nanga ine ndine mwana?"

Anaseka, nati, "Mukangoona, amayi, simukadandaula."

Ndinadabwa pang'ono, chifukwa anthu awa Loweruka amagona mpaka dzuwa kufika pamutu. Koma dzulo anadzuka m'mamawa, Deliwe wandisitira diresi labuluu lija, Chancellor akuimba likhweru potsuka galimoto. Ndinati mumtima, kani mwana wanga akundikumbukira.

Titafika pageti la malowo, Deliwe anandisinthira mtengo wa tikiti m'makwacha. Ndinati tibwerere. Ndalama yongodutsira pageti munthu mmodzi ungagule nayo nkhuku zingapo zoikira mazira, ndiye ife tinalipo asanu. Chancellor anati, "Amayi, lero musawerenge." Akakulandira ndalama amakumanga kapepala pamkono, ngati kaja amamanga khanda kuchipatala kuti lisasinthanitsidwe. Ndimayesa basi tamaliza kulipira. Ayi ndithu. M'katimo chilichonse chili ndi pakamwa pake. Madzi akumwa, ndalama. Kukwera ngamila yonunkha, ndalama. Kuli chinthu china amagulitsa chonga thonje lofiirira pa kamtengo, ukangoika m'kamwa chasowa, wangotsala ndi kamtengo ndi zala zomata.

Ndinaona amuna akuluakulu a ndevu zawo atadzipanikiza m'timagalimoto tating'ono, kumagundana dala, akuseka. Kwathu munthu akagunda mnzake ndi njinga nkhani imafika pabwalo, kuno amalipira kuti agundidwe. Kuli chigudumu chachitali kuposa mtengo wa bulugamu, anthu atapachikidwa m'timabokosi, chikuzungulira nawo mpaka kumwamba. Watipa, mdzukulu wanga wamkulu uja, anakwera ndi amayi ake. Ine ndinakana, ndinati amene akufuna kupita kumwamba adikire nthawi yake. Nthawi yonseyi foni ya Chancellor imangolira, iye n'kumathamangira kuseri kwa mashopu kukayankha. Akabwera amati ndi za ku ofesi. Ofesi ya Loweruka.

Kenaka kamng'ono kake ka Watipa, Mtisunge, kanandigwira chala. Chichewa chake n'chothyokathyoka, koma kanayesetsa. "Gogo, tiye ku hosi. Ine ndi inu." Kanandikokera pamene pali akavalo apulasitiki opakidwa utoto, omangiriridwa ku zitsulo, ozungulira pamalo amodzi. Bambo woyendetsa makinawo anati, "Panda, shosho!" ndiye kuti kwerani agogo. Ndinakana kawiri, kamwana kanayamba kupinda mlomo kuti kalire. Ndinamanga chitenje bwinobwino, n'kukhala chammbali monga timakhalira pa kaliyala ya njinga.

Magadalena, ndisakubisire. Chinthu chija chitayamba kuzungulira, kavalo akukwera ndi kutsika, mphepo ikundiomba kumaso, Mtisunge akukuwa kumbuyo kwanga, ine ndinaseka. Ndinaseka mpaka misozi, mano anga otsalawa onse pamtunda. Chimwalirireni a Vitus ndinali ndisanasekepo choncho. Chancellor anaomba m'manja, n'kuitana wojambula zithunzi amene amayendayenda pamenepo. Nditatsika ndinamugwira mkono mwana wanga, ndinati zikomo bambo, Mulungu akudalitse. Ndinamuthokoza, wamva? Ndi pakamwa pangapa.

Tikupita kukagula tchipisi, ndinangomva munthu akuti, "Amayi a Chancellor! Ndinu kodi?" Kutembenuka, ndi Lusekero, nesi wa ku Karonga uja amene ankatsuka bala la a Vitus kuchipatala cha mishoni. Ali kuno ku sukulu yoonjezera maphunziro, anabwera ndi anzake kudzaona malowo. Mwana waulemu, ananyonyomala pakati pa anthu onse aja, wandigwira dzanja ndi manja awiri.

Anati, "Mwatuluka liti m'chipatala, amayi? Ine ndakhala ndikufunsa Amalawi a kutchalitchi kuti mwagonekedwa kuti, ndidzakuoneni, palibe akudziwa."

Ndinati, "Chipatala chiti, mwanawe? Ine ndinangopita kamodzi kukapimitsa, anandipatsa mapilisi."

Anandiyang'ana kumiyendo. Anati, "Koma anzanga a ku ntchito nditawaimbira anandiuza kuti kumudzi kwalengezedwa kuti miyendo yanu yafa, simukuyenda, n'chifukwa chake simukhalapo pa chiliza lero."

Ndinati, "Chiliza cha yani?"

Deliwe anayamba kumutsinzinira diso, koma madzi anali atatayika kale. Lusekero anangogwira pakamwa. Chancellor anaima ndi mbale za tchipisi m'manja onse awiri ngati wogulitsa.

Ndinakhala pa benchi, chifukwa pamenepo ndiye miyendo inafunadi kufa. Ndinati, "Chancellor, ika pansi zimenezo, undiyang'ane."

Anati, "Amayi, tikakambirane kunyumba, pano pali anthu."

Ndinati, "Unandibweretsa pa anthu ndiwe. Yankhula."

Ndiye anayamba kuzungulira ngati akavalo ake aja. Akuti a Edmund, ang'ono awo a malemu, ananena kuti safuna za pa maliro zija zichitikenso pamaso pa abambo mfumu. Akuti kukakhala ine, Nachisale, mkazi winayo wa a Vitus, sabwera, ndipo ana a Nachisale nawonso ndi ana a bambo. Akuti adokotala anati ndisamakwiye. Akuti iyenso sanapite, anangotumiza ndalama ya simenti ndi ya chakudya, kuti akhale ndi ine. Anayankhula ngati wandichitira chifundo chachikulu.

Za pa maliro zija iwe unalipo. Ine ndinangomuuza Nachisale kuti asunthe kumutu kwa bokosi, malo amenewo ndi a mkazi amene anaima naye pa guwa. Ngati duku lake linagwa, si ine ndinalimanga mosalimba. Mkazi amene a Vitus anamupeza ine nditabereka kale ana, nditayika kale awiri m'manda, lero ndiye wakhala woti azinditsekera pakhomo?

Ndinamufunsa funso limodzi. Ndinati, "Nsalu wachotsa pa chiliza ndani?"

Anayang'ana nsapato zake. Anati, "A Nachisale."

Ndinati, "Nsalu yake iti?"

Anati, "Yoyera ija. Amayi aang'ono anapereka."

Amayi aang'ono ake ndiwe, Magadalena. Nsalu imeneyo ndinagula ndekha ku Mchinji pa boma nditagulitsa mtedza wanga. Ndinaipinda m'mphepete ndi singano, maso akundiwawa. Ndinaiika pansi penipeni pa sutikesi, kiyi n'kusiyira iwe, chifukwa ndinati mwa anthu onse uyu yekha tinayamwa bere limodzi. Unatsegula, unasuntha zovala zanga, unaitulutsa, n'kukaipereka kuti dzanja la Nachisale liikoke. A Edmund sindikuwadabwa, sanandikondepo chiyambire. Chancellor ndi mwana wa sukulu, amayesa chilichonse chimakonzeka ndi ndalama ndi ayisikilimu. Koma iwe?

Tili pomwepo wojambula uja anatulukira ndi chithunzi chatsukidwa kale, akufuna ndalama yake. Deliwe anamukankhira kumbali kuti achoke. Ine ndinati bweretsa kuno, ndipo Chancellor analipira osatsutsa mtengo. Ndinachiika m'chikwama, n'kunena kuti tiyeni. Watipa analira kuti sanakwere sitima yothamanga ya pamalopo, matikiti ake anali atagulidwa kale.

Tili m'galimoto pa msewu wa Mombasa, tinaima pa mdipiti wa ma matatu, maminibasi a kuno. Deliwe anatembenuka, maso ali ofiira. Anati, "Amayi, ine ndinangoti tsiku limeneli musakhale nokha m'nyumba, mukhale ndi adzukulu anu, musekeko." Mwina amanena zoona, mwana uja si woipa mtima. Koma ndinamuuza kuti tsiku lolira munthu amafuna alire. Mukamubera maliro n'kumupatsa chiseko, mwamubera kawiri.

Ukandifunsa ngati malo aja ndi oyenera ndalama zimene amadula, ndinena kuti kwa ana mwina, ngati makolo ali nazo zotaya. Mtisunge mpaka lero akuyenda chodumphadumpha m'nyumba, akuti ndi hosi. Kwa Chancellor ndiye zinatchipa zedi, anagula tsiku lathunthu amayi ake osafunsa funso. Amene analipira zenizeni ndine, ndipo pageti sanandiuze mtengo wake.

Lero sindinapite ku Misa. Ndakhala ndikuganiza chinthu chimodzi. Kumudzi anthu akudziwa kuti Perpetua wapuwala, ali pa bedi ku Kenya. Ndikangokhala chete, bodza limeneli lindiveka bwino, aliyense azindimvera chisoni, palibe adzandinene. Chancellor wandipempha zomwezo m'mawa uno atagwada pakhomo la chipinda changa. Akuti ndikadzabwera ndidzangoti ndinachira. Ndiye kuti ndidzatsike basi ndi ndodo, ndizitsimphina pamaso pa Nachisale, kuti a Edmund asachite manyazi. Ine zimenezo ayi.

Chithunzi chija ndachiika m'kalata muno. Chiyang'ane bwino. Wojambula anadinda tsiku lake pakona, silifufutika. Ukalandira kalatayi, Lamulungu lotsatira, Misa ikatha, ukachionetse kwa amayi a mu mphakati wathu, mmodzimmodzi. Ukachionetse kwa a Edmund. Nachisale nayenso achigwire m'manja. Ndikudziwa zimene adzanene, adzati taonani namfedwa akusewera pa kavalo tsiku la chiliza cha mwamuna wake, mano pamtunda. Adzandiimba nyimbo pa mtondo mpaka mvula kugwa. Aseke. Koma aone kuti miyendo yanga inali yoyenda, kuti munthu wokwera kavalo akanatha kukwera basi, ndipo afunse kuti anamubisira ndani. Akakufunsa iweyo, uwayankhe wekha.

Ukatero upemphe njira kwa eni manda, utenge a katekisiti akuperekeze. Ukaime pa chiliza, ukawauze a Vitus mokweza, osati chamumtima. Ukati, Perpetua sanakane kubwera, sanauzidwe. Mawu ndi omwewo, usaonjezere, usawakometse. Munthu uja tinakangana zambiri ali moyo, koma sanandiitanepo ine osabwera, ngakhale pamene ankanditana ali kunyumba kwa mkazi winayo bala litavunda. Sindifuna agone akuganiza kuti ulendo uno ndinamutaya chifukwa cha zokoma za m'tauni.

Kalatayi akaponya ndi Lusekero, abwera Lachiwiri kudzandiona. Wakhala akupepesa ngati walakwa ndiye, chonsecho mwa anthu onse ndi iye yekha anandipatsa moni woona. Ukafuna kuyankha, lembera pa adiresi yake ili kuseriyi, osati ya m'nyumba muno.

Kiyi wa sutikesi ukapereke kwa amayi a Charles, oyandikana nane aja, pamodzi ndi nkhuku zimene zatsala. Undiperekere moni kwa iwowo ndi kwa amayi onse a mu mphakati, uwauze kuti ndili bwino, ndikuyenda ndi miyendo yanga iwiri. Moni kwa a katekisiti. Moni kwa ana a Nachisale, iwo sanalakwe, ndi magazi a a Vitus. A Edmund usawapatse. Ana ako uwapsompsone, uwauze kuti amayi awo aakulu akuwakumbuka. Moni wako iwe ndausunga kuno, ndidzaona ndikadzakuyang'ana m'maso ngati ndidzakupatse.

Ndilekere pano. Mtisunge akugogoda, akuti chakudya chapsa, ndipo mapilisi awa safuna m'mimba mopanda kanthu. Ndipite ndikadye, ndikhale pa tebulo limodzi ndi mwana wanga, andipatsire ndiwo.

Ndine mkulu wako,
Perpetua, mkazi wa a Vitus