Nyenyezi ya Bambo Yawalanso

Okondedwa Achimwene,

Salaam aleikum. Kuno ku Nkope tonse tili bwino, kaya inu ku Joniko?

Mukukumbukira nyenyezi ija Bambo amailondola pobwerera kumtunda ndi bwato? Zaka zonsezi ankadandaula kuti yazilala, ife n'kumati ndi ukalamba, mpaka inu munatumiza magalasi. Chaka chino akuti yawalanso!

Lachisanu potuluka mumzikiti anafunsa aphunzitsi a sayansi. Iwo anati, "Che Saidi, maso anu alibe vuto. Nyenyezi zina zikuluzikulu zimazungulira ngati nguli, zimachita mawanga akuda, zimazilala kwa zaka, kenaka n'kuwalanso."

Atafika kunyumba anandiponyera magalasi aja: "Vala ndiwe, Amina. Osaona ndinu."

Ndiye pobwera mudzawagulire jekete, panyanja pakuzizira. Mudzawapepesenso, ine ndapepesa kale, koma akuti akudikira mwini magalasi.

Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Amina