Dzina Limene Shehata Anakuwa Pamwamba pa Chigudumu

Sharjah, Loweruka

Wokondedwa mlongo wanga Nafisa, make Ragab,

Mtendere wa Mulungu ukhale nawe. Kodi mawondo aja akukulolabe kukwera padenga kukadyetsa nkhunda? Ife kuno tikupuma.

Kalata ino ndalembera iwe, koma mwini wake ndi Hamdan, mwana wa Abdel-Aal. Amene akukuwerengera asadumphe liwu ngakhale limodzi.

Iwe unali wakhanda chaka chimene mng'ono wanga Shehata anagwa pa katungwe ku chikondwerero cha mawulidi a Shehe, nathyoka msana. Ine ndinali nditapita kukamugulira kavalo wa shuga. Pobwera ndinapeza Hamdan akuloza ine, akuuza anthu kuti ndine ndamukankha. Bambo anandimenya, nandichotsa sukulu ndili kalasi yachinayi kuti ndizibereka amene ndinamupundula. Shehata ankati sakukumbukira kanthu. Dzina langa la Wogwetsa linayambira pamenepo, ndipo mpaka lero mwana wanga Medhat, ndi udokotala wake wonse, akafika kumudzi ndi mwana wa Wogwetsa basi.

Chitibweretsereni kuno Medhat, ine ndi Shehata timagona chipinda chimodzi pa nsanjika ya khumi ndi zinayi. Mazenera satseguka. Kunja dzuwa lake ndi lowotcha mwala, ndipo chikepe sindichikhulupirira. Mapasipoti athu amasunga Medhat, ati tingataye. Tiyi wa kuno ndi madzi ofiira chabe.

Dzulo Medhat ndi mkazi wake anati tikapitidwe mphepo ku paki ya zisangalalo. Pachipata mayi wina wa ntchito anandimanga kapepala pamkono. Ndinakawerenga pang'onopang'ono: woperekeza. Shehata anaseka mpaka kutsokomola, ati achimwene, zaka makumi asanu ndi limodzi mukugwira ntchito imeneyi, kalata yake mwalandira lero. Ndinamuuza kuti akapitiriza ndimusiya pa zinthu zotayika, ndipo palibe adzabwere kudzamufunsa.

Adzukulu anathamangira sitima zija zoyenda chadodolido. Ife anatiika pansi pa ambulera pamodzi ndi zikwama ndi mabotolo a madzi. Paliponse pamene tinayesa, chikuku cha Shehata chinkakanidwa: apa pali masitepe, apo ati wokwera aziyima yekha. Anthu ankatizungulira ngati chitsa cha m'munda. Panatsala chigudumu chachikulu chija chonyamula tizipinda tagalasi, chimene chikuku chimalowa osamutsitsa munthu. Shehata anakana. Ine ndi amene ndinamukakamiza, ndinati sitinabwere kudzalondera zikwama.

Anatitsekera awiriwiri. Titafika pamwamba penipeni, chigudumu chinaima. Mphepo inayamba kukankha kachipindako, uku ndi uku. Ndinagogoda galasi, koma anthu pansi anali ngati nyerere. Shehata anagwira zitsulo za chikuku, natsinzina, thukuta lili kamukamu. Kachipinda katagwedezeka kachitatu anakuwa ndi mawu a mwana: “Basi, Hamdan! Basi, ndigwa!”

Nafisa, m'menemo munalibe kothawira, iye kapena ine. Ndinamufunsa kuti watchula yani. Anati wangobwebweta. Ndinati ayang'ane kuno, alumbire pa manda a mayi. Sanalumbire. Anayamba kulira, nati akukumbukira zonse, ngakhale mtundu wa mkanjo umene Hamdan anavala. Ati bambo anamufunsa atangotsitsimuka, iye ananena zoona, koma bambo anamutseka pakamwa. Pampu yothirira nzimbe zathu inali ya Abdel-Aal, bambo ake a Hamdan. Ati bambo anati mwana wako ukhoza kumulakwira n'kukhalabe mwana wako, koma mwini madzi ukamulakwira munda umauma.

Ndiye kuti bambo pondimenya paja ankadziwa.

Ndinamufunsa Shehata chifukwa chake sananene bambo atamwalira. Anati ankaopa kuti ndikadziwa kuti ndilibe mlandu ndisiya kumunyamula. Chigudumu chitayambanso kuyenda tinatsika, adzukulu akufunsa ngati agogo asangalala. Ndinagwira chikuku n'kukankha, nanga akanakankha ndani? Lero m'mawa ndamusambitsa monga mwa masiku onse, ndamupaka mafuta kumsana. Sitinalankhulane. Bedi lake ndi langa zatalikirana mkono umodzi.

Bambo ali m'manja mwa Mulungu, sindingawafunse kanthu. Shehata ndi magazi anga, ndipo kumukwiyira munthu amene ukumuveka malaya n'kudzitopetsa wekha. Koma Hamdan ali moyo. Ndamva kuti anapita ku ulendo wopatulika wa Haji kawiri, khoma la nyumba yake anajambulapo ndege ya ulendowo, ndipo anthu amamupsompsona dzanja.

Undiperekere moni kwa alamu anga bambo a Ragab, kwa Ragab ndi ana ake, kwa azakhali athu a Sekina ngati akumvabe, ndi kwa amasiye a msuweni wathu Gaber. Medhat sakudziwa kuti ndalemba izi.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Utume Ragab kwa Hamdan. Amuuze kuti sindikufuna munda wake, sindikufuna nkhosa, sindikufunanso kuti abwere atanyamula nsalu ya maliro ake m'manja monga amachitira opepesa mlandu wa magazi. Lachisanu, anthu akamatuluka mu mzikiti waukulu, ayime pakhomo asanavale nsapato, anene mokweza kuti amene anakankha katungwe ndi iye, osati ine Abdel-Sabour. Ragab aimbe foni nthawi yomweyo, ayigwire m'mwamba, ndimve ndi makutu anga, Shehata ali pambali panga. Dokotala wa mtima wandiwonjezera mapiritsi mwezi uno. Muuzeni Hamdan asadikire nyengo yodula nzimbe.

Ndine mlongo wako,
Abdel-Sabour