A magazini anandipentera ngalawa, apongozi andinyanyala

Aphungu,

Kalatayi ndailemba katatu ndikung'amba, chifukwa ndikaiwerenga ndikupeza kuti chitsiru cha m'nkhaniyi ndine ndemwe. Koma zandifika pakhosi, ndiye ingondimverani.

Ndine mphunzitsi wa masamu pasekondale ina kuno ku Sur, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Bambo anga atamwalira anandisiyira ngalawa yawo ya thanga, yamatabwa, imene anapangitsa ine ndisanabadwe. Inakhala pamchenga zaka zisanu ndi chimodzi itafunditsidwa masamba a kanjedza. Chaka chatha ndinaganiza zoidzutsa. Ine za matabwa sindidziwa ngakhale pang'ono, koma mwayi wanga ndinakwatira mwana wa mmisiri. Apongozi anga, a Obaid, akhala akupanga ngalawa zaka zoposa makumi asanu. Nditawapempha, anaizungulira kawiri akuigogoda ndi kanyundo, kenaka anati, "Bambo ako anali mnzanga. Mawa ubwere utavala zoti zikhoza kuda."

Tinagwira ntchito miyezi isanu ndi itatu, tsiku lililonse tikachoka kumzikiti ku swala ya madzulo. Apongozi anachotsa matabwa owola khumi ndi limodzi n'kuikapo ena, lililonse akulisema ndi maso okha, popanda choyezera. M'mipata tinkakhomeramo thonje loviika m'mafuta mpaka zala zanga zinachita matuza. Matabwa onse tinawamwetsa mafuta a nsomba ya shaki, aja onunkha moti mkazi wanga Zuwaina ankati ndizivulira panja. Chinatsala chinthu chimodzi chokha: kumata kunsi kwa ngalawa ndi laimu wosakaniza ndi mafuta a mbuzi, monga amachitira aliyense pano kuti mbozi za m'nyanja zisaboole matabwa.

Apa m'pamene Satana anandinong'oneza. Mnyamata wina wa ku Muscat, likulu la dziko lino, dzina lake Luay, amene amalemba m'magazini ina ya zamabwato, anaona chithunzi chimene ndinaika pa intaneti n'kundiimbira foni. Anati mwezi uliwonse amatenga ngalawa yakale n'kuisandutsa yatsopano m'masiku khumi, zonse zaulere, kampani ina ya penti ndiyo imalipira. "Aphunzitsi, inu mungokhala pamthunzi n'kumamwa khofi," anatero. "Ngalawa yanu idziwika mpaka ku Dubai." Ndinasaina tsiku lomwelo osawauza apongozi. Ndinkati ndiwadzidzimutse ndi nkhani yabwino. Komanso ndisaname, ndinkafuna aphunzitsi anzanga andione m'magazini.

A magaziniwo anabwera ndi galimoto ziwiri. Wojambula zithunzi atangotsika anatseka mphuno n'kufunsa ngati m'ngalawamo mwafera chinthu. A Obaid ataona zitini za penti anamuitanira pambali Luay n'kumuuza mwaulemu kuti, "Mwana wanga, thabwa limene lamwa mafuta silifuna penti. Lidzaisanza." Luay anaseka n'kuwagwira paphewa, munthu wamkulu ngati uja, amvekere, "Amalume, zimenezo ndi za makedzana. Penti yathuyi imagwira ndi pagalasi pomwe." Ine ndinali pomwepo, Aphungu, ndipo ndinangoti kukamwa tsekee. Chimenechi ndicho chikundidya kwambiri.

Anapaka penti yoyera yonyezimira kuyambira pamwamba mpaka kunsi. Laimu anamukana, ati sakongola pachithunzi. Mbali imene inayang'ana kukhoma la malo okonzera ngalawa anangoipaka kamodzi mothamanga, ati kamera sifikako. Anaikamo mapilo, kapeti ndi nyali zimene ngakhale mphepo yochepa ingaziponye m'madzi, n'kupachika thanga latsopano lolembedwa dzina la kampaniyo m'zilembo zazitali kuposa ine. Tsiku lomaliza anapempha apongozi kuti avale mkanjo woyera aime pambali atagwira kasemasema. Anavomera chifukwa cha ine.

Magazini itatuluka inali ndi masamba asanu ndi atatu a ngalawa yanga. Mutu wake unati ngalawa imene inapezeka ikuwolera pamchenga yauka m'masiku khumi. Chithunzi choonetsa m'mene inalili poyamba anachijambula atamwazamo dala maukonde ong'ambika ndi zinyalala. Za miyezi isanu ndi itatu ija, zii. Pansi pa chithunzi cha apongozi analembapo kuti, "Msodzi wina wa m'deralo akusirira ntchito ya akatswiri athu." Msodzi wina! Munthu amene anapanga theka la ngalawa zimene zili padoko lino! Amuna a pamalo amene timamwerapo khofi anawerenga mawuwo mokweza, mwini wake ali pomwepo. M'mawa mwake apongozi anabwera kudzalongedza zida zawo, osasiya ngakhale msomali. Nditapita kwawo anandilandira bwinobwino, anafunsa za ana, kenaka anandithirira khofi wodzaza kapu mpaka pakamwa. Inu mukudziwa tanthauzo lake: imwa uzipita.

Tsopano ngalawa yakhala pamadzi miyezi itatu, ndipo penti ikusupuka zikamba zikuluzikulu. Asodzi akandiona amakuwa, "Aphunzitsi, mkwatibwi wanu uja wayamba kufundula ngati njoka!" Lachisanu lapitali ndinalowa m'madzi kukapapasa kunsi, ndipo pafupi ndi msana wa ngalawa, mtanda waukulu wapansi uja, ndinapeza timabowo ting'onoting'ono ngati toboola ndi singano. Mbozi zija zalowa. M'mawa uliwonse ndikukapamo madzi ndisanapite kusukulu.

Ndinamuimbira Luay. Iye akuti palibe chodandaulitsa, abweranso adzapakenso penti ina yamphamvu, yaulerenso, ndipo adzalemba gawo lachiwiri la nkhaniyo. Anandikumbutsanso kuti pepala limene ndinasaina likuti ngalawayo ikaonekere kuchionetsero cha ku Muscat miyezi inayi ikubwerayi, ili ndi penti yawo ndi thanga lawo. Ndinapempha Zuwaina kuti akandilankhulire kwa bambo ake, iye n'kundiyankha kuti, "Bambo a Hilal, ine musandiike pakati. Munasaina nokha, kapepeseni nokha."

Ndagwira njakata. Kodi ndiwalole a magaziniwo abwerenso, poti mwina ulendo uno achita bwino? Nanga ndikawakana, pepala lija lindipweteka bwanji? Ngalawayi ndi chinthu chokhacho chimene bambo anga anandisiyira, ndipo ndikuiona ikudyedwa ine ndikuyang'ana.

T. H., Sur

A T. H.,

Mwanena nokha amene ali chitsiru m'nkhaniyi, ndiye sindibwereza, ngakhale dzanja likundiyabwa. Chimene chandipsetsa mtima n'chakuti mutaona zonsezi mukufunsabe ngati muwaitanenso. Anthu aja anakupwetekani kamodzi mwaulere, ndiye mukufuna akupwetekeninso kachiwiri poti ndi zaulerenso? Ayi, asabwere. Penti ina pamwamba pa timabowoto ingobisa mbozi kuti zidye mwamtendere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mumvetse chinthu chimodzi, inu ndi ena onse amene mumandilembera mutakodwa mu msampha womwewu. Masamba otere sakonza ngalawa, amagulitsa penti. Luay si munthu woipa ayi, wangogwira ntchito imene anamulembera, ndipo bwana wake ndi amene analipira zitini zija, osati inu. Iwo amafuna ngalawa ikongole tsiku limodzi lojambula. Inu mumafuna iyandame zaka makumi awiri. Sindikuti magazini oterewa ngachabe. Ine ndemwe ndimawawerenga. Mumaonamo m'mene ena akonzera zawo, mumadziwa kogula zingwe ndi nsalu ya thanga, ndipo mwana wa m'tauni amene sanakwerepo ngalawa ya agogo ake mwina angaisirire. Koma mukaona nkhani imene mavuto onse akuthera pa chitini chimodzi, yang'anani pansi pa tsamba, patizilembo tating'ono, muone amene walipira. Palibe kampani imene ingalipire masamba asanu ndi atatu kuti iyamikire laimu ndi mafuta a mbuzi.

Tsopano ntchito. Ngalawayo ituluke m'madzi sabata ino, nthawi imene madzi a m'nyanja amakwera kufika kumtunda. Osati mwezi wamawa, osati mukatha kulemba mayeso a ana. Mbozi zija moyo wake ndi madzi amchere, ndipo tsiku lililonse limene mukukapa madzi n'kumapita kusukulu, izo zikulowerabe m'kati. Asodzi amene akukusekaniwo ndi omwewo adzakuthandizeni kukoka, inu mungopirira nthabwala zawo n'kuwagulira chakudya chotsekemera chija cha haluwa. Ikafika pamtunda muitsuke ndi madzi a pampopi, muimangire mthunzi kuti dzuwa lathu lino lisang'ambe matabwa, ndipo penti yonseyo muipale nokha ndi manja anu. Musalembe aganyu. Muli ndi chifukwa chabwino choti matuza abwererenso m'zala zanu.

Musanayambe kupala, jambulani zithunzi za m'mene penti yasupukira, makamaka mbali imene kamera sinkafika ija. Pepala limene munasaina mukalionetse kwa munthu wodziwa malamulo, chifukwa ine sindinaliwerenge, ndipo ndikukayika ngati inuyo munaliwerenga. Kenaka mulembere mkonzi wa magaziniyo kalata yaulemu, muikemo zithunzizo, mumufunse ngati kampani ija ingakonde kuti dzina lake likapachikike kuchionetsero pamwamba pa ngalawa yooneka chotero. Ndikuganiza kuti adzakumasulani msanga kuposa m'mene munasainira. Thanga lawo muwabwezere akalifuna. M'kalata yomweyo muwauze kuti asindikize dzina lonse la a Obaid, ndi la bambo awo lomwe, anene kuti ndi mmisiri wa ngalawa, ndiponso kuti matabwa khumi ndi limodzi aja anaika ndi iwo. Musathamangire kukanyoza kampaniyo pa intaneti. Intaneti yomweyo ndiyo inakuitanirani Luay.

Za apongozi, Zuwaina wanena zoona, ndipo mumuthokoze. Musamutumenso. Koma musaganize kuti a Obaid anakwiyira mawu a pansi pa chithunzi okha. Mawu amenewo analemba ndi mlendo, ndipo mlendo sadziwa mwini mudzi. Chimene chinawabaya n'chakuti mnyamata anawagwira paphewa n'kuwaseka pamaso pa mkamwini wawo, mkamwiniyo n'kungoyang'ana kumbali. Chimenecho ndicho mukapepese, ndipo mukachitchule ndi dzina lake, osazungulira. Popeza anachita manyazi pagulu, kupepesa kwa kuchipinda sikukwanira. Mutenge munthu wamkulu amene iwo amamulemekeza, kaya mchimwene wa bambo anu kaya imamu wa mzikiti wanu, mukanene mawu anu pamalo pomwe paja pamene magazini inawerengedwa mokweza, amuna omwe aja akumva. Munene kuti, "Bambo, munachenjeza, ine ndinakhala chete. Ndinalakwa." Mukatero mutseke pakamwa. Tsiku limenelo musatchule za ngalawa, angaganize kuti mwabwerera manja awo osati iwo. Akakuthirirani kapu yodzaza kachiwiri, imwani, thokozani, mudzabwerenso.

Ine ndakula pakati pa amisiri a ngalawa, ndipo sindinaonepo mmodzi amene angadutse munthu akupala thabwa molakwika n'kungopitirira. Mwina tsiku lina mudzangomva kumbuyo kwanu wina akuti, "Aphunzitsi, chopaliracho sagwira choncho." Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo anu agonera mokwanira.

Ndikuchenjezeni komabe. Timabowo tooneka ngati ta singano kunja, m'kati timakhala tinjira tolowa chala. A Obaid akagogoda n'kunena kuti matabwa ena achotsedwenso, ngakhale amene munavutika nawo chaka chatha, musatsutse ndipo musafunse kuti zitenga masiku angati. Akhozanso kugogoda msana wa ngalawayo n'kukuuzani kuti yatha. Zikatero mudzalire, koma musadzaloze chala Luay yekha.

Ndipo akabwerera, musakhalenso wongopatsira zida. Muwapemphe kuti iwo akhale pampando azilankhula, nyundo ikhale m'manja mwanu, mulakwitse, akukalipireni, muyambirenso. Laimu uja samata kamodzi n'kuiwala, amafuna kumatidwanso miyezi ingapo iliyonse kwa moyo wonse wa ngalawayo. Munthu amene wagwira kasemasema zaka zoposa makumi asanu sadzakhalapo nthawi zonse, ndipo tsiku limene mudzamufune osamupeza, simudzakhalanso ndi woti mukamupepese.

Aphungu