Makandulo a madamu pawindo

Lachinayi, Disembala. Tsiku londiwawitsa mutu.

Ayi a Chisale, si inu oti mungandiphunzitse nzeru. Ndinu mlonda wa nyumba ino, ndiye munali kuti dzana pamene munthu amazula kabokosi ka mawu a Mulungu pachitseko cha madamu anga? Munali pa foni. Lero n'kumandiuza pageti kuti, "Achemwali, auzeni Ayuda anuwo abise makandulo awo, asatiputire mavuto." Anuwo, ngati ndinachita kuwagula kumsika wa Ras Al Khor kudziko la eni kuno. Sukulu ndinalekeza sitandade 7, koma ndikudziwa kuti wolakwa ndi wozulayo, osati woyatsa kandulo.

Chondinyansa kwambiri n'choti ndinakumverani. Madzulo madamu Miriam atakonza makandulo a chikondwerero chawo cha Hanuka, chomwe amawonjezera kandulo mmodzi usiku uliwonse, pakatebulo ka pawindo, ine ndinakoka katani mwakachetechete. Kwathu ku Ndirande kandulo ndi wa magetsi akathima basi, ndiye ndimati kaya aoneke panja kaya asaoneke, kuwala n'komweko.

Madamu ataona, anandiuza kuti awa si ounikira m'nyumba, ndi oti odutsa aone kuti iwo akadalipo. Akuti mchemwali wawo ku Ulaya anasiya kuvala kanyenyezi kawo ka Chiyuda pakhosi chifukwa chotukwanidwa mumsewu. Poyatsa, madamu anathyola machesi awiri. Manyazi anandigwira, koma pakamwa pangapa sipatsekeka.

Ndinati, "Nanga wozula uja akabweranso, madamu?"

"Akabwera lero aona makandulo asanu, mawa aona asanu ndi mmodzi. Yalla, tiye Memory, tsegula katani yonse."