Mwala wa Amake Ghaleb

Lachinayi, 4 Okutobala

Sabata yachitatu chiutengereni mwala. Amake Ghaleb anadzuka m'mamawa, mtsuko wamadzi kudzanja, nthambi zonunkhira za rihani m'khwapa. Ndinawaleka apite. Ndikanatani? Ndinawauza sabata yatha, ndinawauza sabata inayo. Mutu wawo sugwiranso zatsopano.

Pansi pa mtengo wa azitona anapeza dzenje lokha. Kulira ngati tsiku loyamba lija. "Amutenganso. Bambo a Ghaleb, inu munali kuti?"

Ndinali pomwepo. Chilili ngati chitsa, anyamata anayi akuukweza m'galimoto, wachisanu atagwira chikalata cha boma.

Buledi, chambiko, azitona, zonse zabwerera m'mbale, iwo sanadye. Bondo likupweteka. Mvula kulibe.

Loweruka, 6 Okutobala

Ndilembe ndekha, poti a ku nyumba ya zinthu zakale alemba zawo ndipo ife mulibemo.

Ghaleb, mwana wathu woyamba, anakwera basi kukafuna ntchito kumzinda nthawi ya nkhondo. Anthu amfuti anamutsitsa panjira. Ndi zokhazo zomwe tikudziwa. Mtembo ayi, nsapato ayi. Zaka zapitirira makumi atatu.

Chaka chotsatira khasu langa linagunda mwala m'munda wa fodya. Wotalika ngati mkono, wosalala mbali imodzi, pali tizilembo ngati popalasa nkhuku. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, koma zilembo zathu ndimazidziwa. Izi sizinali zathu. Ndimati ndiuponye kumalire. Mkazi wanga Nazha anati ndiunyamule ndikauike pansi pa mtengo.

Lachinayi amayi onse amapita kumanda ndi madzi ndi rihani. Nazha analibe manda opitako. Anayamba kupita kumtengo. Sanatchulepo kuti manda. Amangoti "pa Ghaleb". Athire madzi, ayale rihani, amuuze mtengo wa shuga ndi za amene wakwatira. Akabwerera amadya bwino.

Ndiye kubwere mkamwini ndi foni yake.

Lolemba, 8 Okutobala

Mwana wathu Siham wabwera ndi mwamuna wake Adib, Aphunzitsi athu. Anyamula malalanje, ngati pakhomo pano tikuwasowa.

Adib sanakhale pansi. "Apongozi, ine ndinangojambula. Ndinatumiza kwa mnzanga kuti ndidziwe zomwe palembedwa. Sindinadziwe kuti a boma abwera."

Ndinati, "Tsopano mwadziwa, Aphunzitsi? Mwakhoza mayeso?"

Akuti ndi zilembo za Afoinike, makolo a kugombe kuno. Akuti lamulo limati chakale chilichonse cha pansi pa nthaka ndi cha boma. Ndinati ngati ndi choncho, mwana wanga ngati ali pansi pa nthaka, boma likudikira chiyani kumufukula?

Siham anati, "Ababa, basi." Nthawi zonse basi. Ndinamulera ndine, koma pakamwa pake pamatuluka mawu a mwamuna wake.

Khofi sindinawapatse.

Lachinayi, 11 Okutobala

Dzenje. Kulira. Funso lomwe lija.

Mpango wawo wayamba kukula pamutu.

Lachiwiri, 16 Okutobala

Ndapita ndekha kumzinda. Magalimoto awiri, ndalama yomwe ndimasungira mankhwala opopera mitengo. Ndinavala jekete ya ukwati wa Siham.

Ndimayesa ndikaupeza m'galasi, magetsi akuwala, anthu akuuzungulira. Bwenzi ndikuti chabwino, wakwera udindo. Ayi. Uli kuchipinda chapansi, pashelefu yachitsulo, pakati pa mapale a mitsuko yosweka, ena olembedwa ndi inki yofuwa. Aumangirira kapepala ka nambala ngati wodwala kuchipatala.

Wandiperekeza ndi mayi wina, dzina Roula, msinkhu wa Siham. Waulemu, sindinganame. Anandipatsa mpando. Akuti zaka zonsezi tinauika mozondoka. Ndinati sunadandaulepo.

Anaseka, kenako analeka ataona nkhope yanga.

Autsuka. Ndere zonse za madzi a Nazha zachoka. Ukuoneka ngati mlendo.

Ndinapempha atibwereke, ngakhale mpaka mayi atatsikira kulichete, kenako adzatenge. Anati, "Amalume, kukanakhala kwa ine." Mawu amenewa ndawamva m'maofesi onse omwe ndinapita kukafunsa za Ghaleb. Kukanakhala kwa ine. Sindikudziwa kuti kuli kwa ndani m'dziko muno.

Kenako anandiuza zomwe sindinafunse. Ndi mwala wa pamanda. Pali dzina la mwini wake, Baalyaton, ndi dzina la bambo wake. Anamwalira kalekale, aneneri ambiri asanabadwe.

Ndiye mkazi wanga wakhala akuthirira mwana wa eni.

Sindiwauza.

Lachitatu, 17 Okutobala

Tsiku lonse kukolola azitona ndekha. Zochepa, zambiri zoboola mphutsi. Ghaleb ndiye ankakwera pamwamba. Bwenzi pano ali ndi imvi, akutuma ana ake.

Dzina lija silikuchoka m'mutu. Baalyaton. Bambo wake anali ndi mwayi. Anali ndi choika pansi pa mwala.

Lamulungu, 21 Okutobala

Aphunzitsi aganizanso. Munthu ameneyu akaganiza, pakhomo pano pamagwa tsoka.

Abwera ndi mwala woyera wonyezimira, wosemetsa ku tauni ya Sour. Anauika padzenje paja ine ndili kumunda. Pamwamba vesi, pansi pake dzina: Ghaleb, mwana wa Fawzi. Chaka chobadwa. Malo a chaka chinacho osalemba.

Nazha sawerenga, koma dzina limenelo amalidziwa maonekedwe ake. Ankalisoka pa malaya ake a sukulu.

Ndinamva mfuu ndili kutali. Ndinapeza mtsuko uli zidutswa, iwo akumenya mwalawo ndi manja. "Wakuuzani ndani kuti wafa? Munamuona? Munamusambitsa ndinu?" Nkhalamba yosadya masabata, mphamvu inachokera kuti?

Adib anaima milomo ili gwa. Anati, "Amayi, ndimati mukhale ndi poyenera."

Ndinamukokera kuseri. Ndinati mwaphunzira mabuku onse koma ichi chokha simukuchiona. Mwala uja unali wabwino chifukwa palibe ankauwerenga. Sunanene kuti wafa, sunanene kuti ali moyo. Munthu amatha kuuthira madzi m'mawa, madzulo n'kuyang'anabe kumsewu. Wanuwu walankhula.

Anaunyamula yekha mpaka kugalimoto. Siham akuti wadya theka la malipiro ake. Sindinamutume.

Koma msana unamupweteka, ndinaona.

Lachitatu, 24 Okutobala

Tawfiq woyandikana naye, pomwa khofi: "Iwe Fawzi, miyala yatha kumtsinje? Tenga wina, ukande ndi msomali. Mayi akowo adziwa bwanji? Dzulo ananditchula dzina la malemu bambo wanga."

Ndinamutukwana. Kenako ndinapita kumtsinje.

Masana onse ndi msomali ndi nyundo kuseri kwa khola. Ndinapaka dothi ndi ndere. Ine ndemwe ndinati wafanana.

Lachinayi, 25 Okutobala

Nazha anagwada pa mwala wanga wokanda uja, anaika dzanja pamwamba. Sanayang'ane n'komwe. Dzanja linayenda kamodzi, linabwerera.

"Bambo a Ghaleb, mukundiyesa mwana?"

Sanalire. Kukanakhala bwino akanalira.

Tawfiq akuti ntchito ya ubodza ndiisiye, ndilibe luso.

Lolemba, 29 Okutobala

Dokotala wa ku Sour. Madzi a m'botolo kudzera m'mkono. Akuti thupi lilibe nthenda yatsopano, akungofunika kudya. Ndalipira kuti andiuze zimenezo.

Akuti zikapitirira chonchi dzinja salimaliza.

Ndaphika msuzi wa mphodza momwe amaukondera, ndi ndimu. Masipuni awiri. Akuti adya akabwerako kwa Ghaleb.

Siham akuti tiwatengere kumzinda akauone. Mayi Roula wavomera, Lachinayi, chitseko chakuseri. Anamuimbira ndi Adib.

Ndikuopa. Koma ndatsala ndi chiyani?

Ndauza Adib kuti akangotsegula pakamwa za zilembo, pakhomo panga asadzapondenso. Anati, "Ndamva, apongozi."

Lachisanu, 2 Novembala

Dzulo sindikanatha kulemba.

Adib anayendetsa galimoto. Nazha kumbuyo ndi Siham, rihani pamiyendo, madzi m'botolo la pulasitiki poti mtsuko kulibe. Pa masitepe Adib anawanyamula ngati mwana. Analola.

Atauona anaudziwa. Wotsukidwa, woimikidwa mwina, pakati pa mapale, anaudziwa. "Akuika pamalo ozizira," anatero. Mayi Roula anayang'ana kumbali pomwe Nazha amanyowetsa dzanja n'kuupukuta. Madzi ndi oletsedwa m'menemo. Mulungu amukumbukire mayiyo pa chimenecho.

Nazha anauza Ghaleb za azitona, za Tawfiq, za bondo langa. Mtima wanga unayamba kutsika. Ndinati tapambana.

Kenako anaona kapepala ka nambala. Anatembenuka, maso ali mbee, ngati Nazha wakale. Anagwira dzanja la mayi Roula.

"Mwanangu, akuti iwe umawerenga izi. Palembedwa chiyani?"

Ndinapukusa mutu. Adib anayang'ana pansi, pakamwa ali tseke, monga analonjezera. Mayi Roula anandiyang'ana ine, anayang'ana dzanja lomwe lamugwira.

"Ndi dzina la munthu, amayi."

"Ghaleb?"

Ndikanayankha ine. Ndikanati inde.

"Ayi, amayi. Baalyaton. Wakalekale."

Nazha anamusiya dzanja. Kenako anafunsa ngati amake a munthuyo amabwera. Mayi Roula anawauza kuti ayi. Anatenga rihani yense n'kumuyala pashelefupo bwinobwino. "Ndiye musiyireni uyu."

Pobwerera anagona.

Sindikudziwa woti ndimukwiyire. Mayi uja sanathe kunamiza nkhalamba. Adib anasunga mawu. Mkwiyo ndili nawo wodzaza chifuwa, pouika palibe.

Lamulungu, 4 Novembala

Adya. Buledi wathunthu, mazira awiri, tiyi wa shuga wambiri. Siham analira pafoni, akuti Mulungu ndi wamkulu. Akuti ndimuuze Adib mawu abwino ngakhale amodzi.

Ndinati ndiganiza.

Mvula yoyamba. Denga la kukhitchini likudontha pomwe paja.

Lachinayi, 8 Novembala

Ndinagula mtsuko watsopano, ndinauika pakhomo dzulo. Sanaukhudze. Kumtengo sanayang'aneko.

Anatulutsa matiresi a m'chipinda chaching'ono kukawaanika. Anasesa, anatsuka zenera. Ndinafunsa kuti kukubwera alendo? Anandiyang'ana ngati wopusa ndine.

"Ngati pamwala paja sali iye, ndiye kuti ali panjira."

Masana anaika mbale zitatu.

Lolemba, 12 Novembala

Mbale zitatu tsiku lililonse. Yachitatu amaivundikira ndi nsalu. Ine ndimakapatsa nkhuku za Tawfiq iwo akagona masana.

Masaya ayamba kubwerera. Akuimba potsuka mbale. Dokotala akanawaona bwenzi akudzitama.

Zaka zija zoyamba zinali chonchi. Galimoto ikangoima, iwo pachipata. Zinatitengera mwala kuti tigone tulo. Tsopano tabwerera poyambira, ine ndi mawondo a nkhalamba.

Adib anaima pachipata madzulo, osalowa. Anafunsa ngati pali chofunika. Ndinati denga. Akuti abwera Loweruka ndi makwerero.

Lachinayi, 15 Novembala

Aphika mpunga wa mphodza ndi anyezi wokazinga, chakudya cha Ghaleb. Avala diresi ya buluu.

Andipeza pano ndikulemba. "Bambo a Ghaleb, mwangokhala? Basi ya kumzinda yayandikira. Pitani kumsewu mukamuchingamire, ali ndi katundu. Valani jekete, asakuoneni chonchi."

Ndinati bondo.

"Tengani ndodo."

Aima pakhomo, jekete ili m'manja. Akumwetulira.

Ndikupita.